Mikanda ya M'thumba la Jekete

Lachiwiri, 5 Malichi

Kabuku aka ndapempha kwa nesi wa m'mawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulemba za matenda a anthu ena, lero ndilembeko za anga. Ine Esnath, nesi wa wodi ya okalamba, ndili pa bedi 3, ndangounjikika ngati thumba la chimanga.

Ndinabwera Lamulungu masana. Munkapweteka pansi pa nthiti mpaka kutulukira kumsana, kusanza osalekeza. Amuna anga, a Dyson, anandithamangitsira kuno kuchokera kunyumba kwathu ku West Bromwich, kuno ku UK. Dokotala wati kamwala kachoka mu ndulu n'kukatseka njira, ndiye kapamba watupa. Osadya, osamwa. Diripi, ndi morphine wopha ululu, wa batani lodina ndekha. CRP, muyeso wa kutupa, ili pa 212, BP 164/98. Kutupa kukatsika achotsa kamwalako, kenako ndulu yonseyo.

Dzulo popita ku sikani anati ndivule chilichonse. Mtsikana wa kumeneko anaona mikanda yanga ya m'chiuno, n'kufunsa ngati ndi ya mankhwala. Ndinati ndi ya amuna anga. Sanamve kanthu, anangomwetulira n'kuiika m'kachitini kosungiramo mano oikirira. Ili mu loka, kakabati ka pambali pa bedi. Anandiveka ndi azakhali anga sabata ya ukwati, ndipo ulusi wake ndawonjezera kawiri chifukwa chiuno changa sichimva malangizo.

Koma chandipemphetsa kabuku si kapamba. Ku A&E kolandirira odwala mwadzidzidzi tinadikira nthawi yaitali, ndinayamba kunjenjemera, a Dyson n'kundifunditsa jekete yawo. Ndinapisa dzanja m'thumba la m'kati kufuna tishu. Ndinapezamo mikanda. Chingwe chachitali, mikanda yamtengo, yofiirira, yonunkhira. Kumapeto kuli umodzi waukulu ndi kamchira ka ulusi wofiira. Si korona, palibe mtanda, ndipo kumpingo kwathu korona sitigwira. Kumudzi kwathu mwamuna sayenda ndi mikanda m'thumba. Akapezeka nayo ndiye kuti pali chiuno chimene waivulako. Ululu wonse uja, ndinapeza mphamvu yoibisa m'chikwama changa.

Banja lathu lili ndi zaka 23. Chaka chathunthu tsopano a Dyson amagona atayang'ana kukhoma, yangayo osaikhudza n'komwe. Ndinkati ndi ukalamba. Tsopano ndadziwa chifukwa chake.

Lachitatu, 6 Malichi

CRP 240. Kutentha 38.4. Kanyula ya diripi yatseka, andibaya katatu asanapeze mtsempha. Ndinafuna kulanda singanoyo ndidzibaye ndekha.

M'chipinda muno tilimo anayi. Wa pa bedi 1 amangogona. Pa bedi 2 amasinthasintha. Moyang'anana ndi ine, pa bedi 4, pali Mayi Kaushal, Amwenye a ku Handsworth, zaka 78, anawachita opaleshoni ya matumbo. Dzanja lawo lamanja limakhala m'kathumba kansalu kachikasu, chala cholozera chokha chili panja potulukira pa kabowo, milomo ikugwedera chamumtima. Sindikudziwa kuti amagwiramo chiyani. Nkhope yawo imangoti phee ngati munthu amene alibe mwamuna woti azimuganizira. Ndikusirira nkhope imeneyo mpaka ikundinyansa.

A Dyson afika 3 koloko kuchokera ku ntchito kwawo ku warehouse. Atangokhala pampando anayamba kudzipapasa m'matumba. Anasuzumira pansi pa bedi, n'kukutumula jekete.

"Mwataya chiyani, bambo a Tiwa?"

"Ayi, palibe."

Palibe wawoyo anamufunafuna ola lathunthu. Za ine anandifunsa kamodzi.

Lachinayi, 7 Malichi

Kutentha 37.6. CRP 181. Mawa achotsa kamwala.

Atabwera kudzandiyeza miyendo kuti andipatse masokosi othina oletsa magazi kuundana, ndinasunga tepi yawo ya pepala. Ndatseka makatani n'kuyeza mikandayo. Masentimita 78. Changa ndi 109, ndayeza dala kuti mtima uwawe bwino.

Ndawerenga akazi onse a kumpingo, mzere ndi mzere. Wa chiuno cha 78 alipo mmodzi. Melissa, nesi amene anabwera chaka chatha kuchokera ku Zomba, woimba kwaya, amakhala ku Lozells. A Dyson amakamutenga pa galimoto Lamulungu lililonse, ati basi imavuta. Ine ndemwe ndinakamuchingamira ku eyapoti, ndinamupatsa duveti yanga yabwino yofunda, ndinamulowetsa mu kwaya. Anabwera chaka chatha, ndipo za kukhomazi zinayambanso chaka chatha. Walira mvula walira matope.

Madzulo kwabwera Helen, mnzanga wa kalekale, wapampando wa amayi kumpingo. Anabweretsa phala m'fulasiki, ataiwala kuti sindikudya, ngakhale nayenso ndi nesi. Ndinamuonetsa mikandayo. Anainunkhiza n'kugwira kamchira kaja.

"Asisi, iyi ndi ya atsikana amakono. Ife tinkavala yagalasi. Onani kamchira, kuti kazilendewera kumbuyo."

Ndinatchula dzina. Anagwira pakamwa, koma maso ake anawala. Anajambula pa foni, ati afufuza mwakachetechete. Kachetechete wa Helen ndimamudziwa, amafika mpaka ku Coventry. Ndinamulola ndikudziwa zimenezo.

Lachisanu, 8 Malichi

Andilowetsa chipaipi cha kamera kukamwa mpaka ku ndulu. Kamwala katuluka, mamilimita 7. Anandionetsa pa chithunzi. Kukula kwake ngati mkanda umodzi.

Pakhosi pakuwawa. Sindilemba zambiri. A Dyson maso afiira, aonda nkhope. Masiku asanu opanda mikanda ya mwini wake, ayamba kuoneka odwala kuposa ine.

Loweruka, 9 Malichi

CRP 96. Andichotsa pa morphine, tsopano ndi mapiritsi. Andilola madzi ndi supu. Opaleshoni ya ndulu ayiika Lolemba.

Abwera naye Melissa. Alowa limodzi, a Dyson atanyamula chikwama chake. Melissa wavala jinzi ndi lamba, ndipo ine maso anga anali pa lambayo basi. Anabweretsa mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yowiritsa, ati wachotsa khungu ndi mafuta onse poganizira kapamba.

"Mami, mukupezako bwanji? Pilo uyu wakukhalani molakwika."

Anandikonzera pilo, n'kuwongola kapaipi ka diripi. Manja ake ndi ofewa, ntchito amaidziwa, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Bola akanakhala waulesi.

"Melissa, sunataye kanthu masiku ano?"

"Ayi mami. Ngati chiyani?"

"Kanthu kovala."

Anaseka, ati mwina gulovu imodzi. A Dyson anayang'ana pansi. Ndinati ndakhuta, atenge chakudya chake. Munthu amene sanadye masiku asanu ndi limodzi, kukhuta. Fungo la mpungawo linatsala m'makatani mpaka madzulo, ine malovu ali njonjonjo.

Kutsidya, mpongozi wa Mayi Kaushal amawadyetsa supu ya mphodza ndi supuni, akuwapukuta pakamwa. Atatha kudya, dzanja linabwerera m'kathumba.

Lamulungu, 10 Malichi

Tsiku la amayi kuno ku UK. Pa bedi 4 panali ngati pa ukwati: ana atatu, apongozi, zidzukulu, mabaluni. Anesi anachita kuwagawa kuti azilowa awiriawiri. Aliyense akafika amawerama n'kugwira mapazi a mayiwo. Ine ndinawerenga anthu khumi ndi anayi.

Wanga ndi mwana mmodzi, Tiwa, ali ku yunivesite ku Coventry, ndipo ali ndi mayeso Lachiwiri. Watumiza maluwa, koma muno salola maluwa, atsala pa desiki ya anesi. Anaimba pa foni ya bambo ake. Ndi ine analankhula mphindi zitatu: "Happy Mother's Day, Mum, love you." Bambo ake anatuluka nayo foniyo kukhonde, anakhalako mphindi makumi awiri. Ndinkayang'ana wotchi. Mimba ndinasenza ndine, koma nkhani zimapita kwa bambo.

Helen waimba. Ati chithunzi chija chinapita mwangozi pa gulu la amayi la pa foni. Ati dzina sanatchule, anangolemba kuti amayi tisamale ndi atsikana amene timawathandiza. Melissa sanaime mu kwaya lero, anatuluka ulaliki usanathe. Ndinene zoona, ndinamva kukoma.

Ndachita zinthu ziwiri. Ndaimbira achimwene anga, a Rex, ku Wolverhampton, amene ndi ankhoswe athu kuno, kuti abwere Lachinayi tidzakambe za banja. Ndiponso ndauza sisitala wa wodi kuti pa fomu ya wachibale woyamba kumuimbira zikavuta afufute dzina la a Dyson, alembe la a Rex. Ndikafera ku fiyeta, asaimbire munthu amene angalandire uthengawo ali ku Lozells.

Lolemba, 11 Malichi

Opaleshoni yalephereka. Anandiveka gauni, ndinasaina, ndinafika mpaka pakhomo la fiyeta. BP 188/112. Anadikira, anayezanso, 191/110. Dokotala wogonetsa anakana. Awonjezera mankhwala a BP, amlodipine, kufika 10 mg, ayesanso Lachisanu ngati itsike pansi pa 160. Akapanda kuchotsa ndulu msanga, kamwala kena katha kutsika, n'kuyambiranso zonse.

"Pali chimene chikukuvutitsani maganizo?" anandifunsa dokotalayo.

Ndinati palibe. Palibe yemwe uja wa a Dyson.

Nditabwerera ku wodi ndinapeza akuyeza Mayi Kaushal. 118/72. Zaka 78, theka la matumbo kulibe, koma 118/72. Ndafika pochitira nsanje BP ya munthu. Mayiwo anandikodola n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukupuma ngati wakwera masitepe, chonsecho wagona." Ndinatseka katani.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndilemba zonse mmene zachitikira.

A Dyson anafika 3 koloko, osakhala pansi. "Amayi a Tiwa, mwachita chiyani? Abusa andiimbira. Mwana wa eni wake sakutuluka m'nyumba."

Ndinatulutsa mikanda ija m'chikwama. "Mukufuna iyi?"

Anatambasula manja onse awiri ngati waludzu waona madzi. "Inali ndi inu? Ndibwezereni, chonde."

"Ndi ya ndani?"

"Si ya Melissa."

"Ndiye ya ndani? Chiuno chake chili ndi dzina."

Anagwira mbali imodzi, ine ndinakoka inayo, ulusi n'kuduka. Mikanda inangoti mbwee pansi, kugubuduka mpaka pansi pa mabedi onse.

Kenako a Dyson anayamba kupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Thukuta kamukamu, dzanja pachifuwa, anakhala pansi penipeni atatsamira loka. Ndinadina belu. Ndinkangoti "bambo a Tiwa, bambo a Tiwa," unesi wonse utandithawa.

Mayi Kaushal, amene amayenda ndi chogwirizira, anafika anesi asanafike. Anatulutsa dzanja m'kathumba kaja. Munali mikanda. Yamtengo, yokhala ndi umodzi waukulu ndi kamchira, yofanana ndendende ndi ija, kungoti yawo inada ndi ukalamba. Anaikoleka pa chala chapakati cha a Dyson n'kunena kuti, "Werenga, mwana wanga."

Chala chachikulu cha amuna anga chinayamba kukoka mkanda umodziumodzi. Mkanda umodzi, mpweya umodzi. Sikanali koyamba, chalacho chinkadziwa njira. Anesi anapeza mtima ukugunda 134, pamene amabweretsa makina opimira mtima a ECG unali pa 90. Atafika pa mkanda waukulu uja sanaudumphe, anatembenuza chingwe n'kuyamba kubwerera. Mayi Kaushal anagwedeza mutu ngati mphunzitsi. A Dyson anawatengera pansi kukawapima, ati mtima uli bwinobwino, ndi mantha adzidzidzi. Sanakwerenso kuno.

Madzulo mayiwo anandifotokozera. Amaitcha mala. Imakhala 108, ya kupempherera. Mkanda uliwonse dzina la Mulungu, kapena mpweya umodzi kwa amene akufuna kungokhazika mtima pansi. Ena amangoivala m'khosi ngati chokongoletsera. Yawoyo sagwiritsa munthu, ngakhale ana awo, koma anati womira m'madzi sumufunsa ngati wasamba m'manja. Ndinafunsa za chala chimene amachisiya panja. Anati chimenecho sichikhudza mala, chifukwa ndi chala cholozera anthu.

Anatola mkanda umodzi wa a Dyson n'kuupenda pa kuwala. "Uwu unasalala ndi chala. Chaka kapena kuposa, tsiku ndi tsiku. Mwamuna wako wakhala ali ndi mantha nthawi yaitali."

Ndasamalira nkhalamba zingati zitagwira mikanda yotereyi? Ndinaziona ndi maso angawa. Koma itatuluka m'thumba la mwamuna wanga ndinangoona chiuno. Manyazi abwera, inde, koma choyamba kubwera ndi nsanje. Mayi wachilendo anadziwa pa mphindi imodzi chimene mwamuna wanga amafuna, ine wogona naye bedi limodzi ndili chilili ndi belu m'manja.

Lachitatu, 13 Malichi

BP 172/101. CRP 41.

Tiwa wabwera m'mawa pa sitima, sisitala wamulola kulowa nthawi isanakwane. Wavala juzi yakuda, ndipo m'khosi muli mala ina, ya timiyala tabuluu, ikulendewera poyera. Osapereka moni.

"Mum, what have you done?"

Ndinati alankhule Chichewa. Anayankha m'Chingerezi ngati kale, ine ndilemba m'chathu. Mikanda ija inali yake. Anaigula pa kamsika pafupi ndi kumene amakhala ku Hillfields, yongotchenera. Febuluwale wa chaka chatha mng'ono wa a Dyson, Vincent, anangogwa n'kumwalira ku Lilongwe, ali ndi zaka 46. Maliro tinaonera pa foni. Patangotha masabata awiri a Dyson anaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kuimbira Tiwa, ati akufa. Iyeyo ndiye anawaperekeza kwa GP, dokotala wa kudera kwathu. Anawapatsa mapiritsi, amene amasunga ku ntchito, ndipo wa uphungu anawaphunzitsa kuwerenga mpweya. Ankasokoneza chiwerengero, ndiye Tiwa anavula ya m'khosi mwake n'kuwapatsa. Zotembenuza pa mkanda waukulu anawaphunzitsa mnzawo wa ku warehouse. Pa mkanda uliwonse amati, "Ambuye, ndigwireni dzanja."

"Nanga osandiuza ine bwanji? Ine si nesi?"

"He did, Mum."

Ndakumbuka. Kunali kukhitchini, ine nditangoweruka, mapazi akuwawa. Anati mtima ukuthamanga, akuona ngati afa ngati Vincent. Ndinawaika makina a BP, 128/80. Ndinati, "Mulibe kanthu inu. Bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, kumaopa mphepo? Pempherani." Ndinakagona. Sanabwerezenso.

Za mikanda, Tiwa wati ndikanaiponya m'bini n'kuitana abusa kuti adzapempherere nyumba. Ndinafuna kukana, koma kachidole ka njovu kamene anapatsidwa ndi mnzake ali ku pulayimale ndinatayadi, ndikuti ndi fano. Zoyang'ana kukhomazo mwana sakudziwa, ndipo sindinamufunse. Mapiritsi amenewo ndimawadziwa, amapha chilakolako cha mwamuna, ndimagawa ndekha pa wodi.

Ndimayesa kuti ndikadziwa kuti palibe mkazi mtima ukhala pansi. Ayi ndithu. Mkazi wina ndikanamutukwana n'kupepukidwa. Uyu ndinabereka ndekha. Chaka chathunthu awiriwa asenza chinthu limodzi m'nyumba mwanga, akundizungulira ngati chitsa cha panjira. Mphindi makumi awiri za kukhonde zija ankawawerengera mpweya pa foni, chifukwa mikanda inali m'chikwama changa. Ndikuchitira nsanje mwana wanga, ndipo ndilibe woti ndimuuze.

Mayi wokolopa watithandiza kutola. Ina inali mu silipasi ya wa pa bedi 1. Tawerenga katatu, ikukwana 107.

Lachinayi, 14 Malichi

BP m'mawa 166/96.

Ndaimbira a Rex kuti asabwere. Anati, "Mlongo, pakamwa pakopo padzakupha usanafe ndi ndulu." Fomu ija ndabwezeretsa dzina la a Dyson.

Pa gulu la amayi ndatumiza mawu ndi pakamwa panga, osati kulemba, kuti amve kuti ndine. Ndati mikanda inali ya mwana wanga, ndinanamizira Melissa popanda chifukwa, ndipo wolakwa ndine. Za matenda a a Dyson sindinatchule, si zanga zoti ndiulutse. Helen wayankha ndi kachithunzi ka timanja topemphera.

Ndinaimbira Melissa, anayankha ulendo wachitatu. Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Anamvetsera osandidula.

"Ndamva, mami. Muchire." Kenako anati, "Lamulungu ndizikwera basi. Duveti yanu ndasiya kwa a Helen."

Chimenecho sindingachilumikize ndi ulusi, ndipo ndilibe womuloza chala.

Mpongozi wa Mayi Kaushal wabweretsa ulusi wolimba ndi singano. Mayiwo anakhala tsonga, magalasi pamphuno, n'kuyamba kutunga. Atafika kumapeto anati 107 siyenda, munthu amazolowera mtunda wake, akafika msanga amadzidzimuka. Mpongozi anati akagula wina ku Soho Road. Ndinati ayi, mkanda ulipo.

Ndinatsekula loka n'kutenga kachitini ka mano kaja. Pa mikanda yanga pali itatu ikuluikulu pafupi ndi mfundo. Azakhali anandiphunzitsa chinenero chake ndili mtsikana: wofiira ukaikidwa poonekera ndiye kuti dikirani, woyera ndiye kuti khomo n'lotsekula. Ndinamasula woyera.

"Wagalasi pakati pa yamtengo?" anafunsa Mayi Kaushal.

"Mwini wake aumva."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sindinawafotokozere, koma nawonso anakhalapo pa banja. Anautunga kumapeto kwenikweni, moyandikana ndi waukulu uja, n'kumanga mfundo.

Anandionetsa kagwiridwe kake. Chala cholozera chimangofuna kulowerera, ndinachita kuchipinda. Ndinafika pa 40 n'kuyamba kuganiza za Tiwa ndi bambo ake, ndinayambiranso. Madzulo BP 151/89.

Lachisanu, 15 Malichi

Osadya kuyambira dzulo madzulo. BP 148/88. Dokotala wogonetsa wavomera, ndine wachiwiri pa mndandanda.

A Dyson anawalola kulowa 9 koloko. Anakhala kumapeto kwa mpando, osandiyang'ana. Ndinati, "Bambo a Tiwa, munandiuza kukhitchini kuja, ine sindinamve. Pepani." Ndinawaika mala m'dzanja nditaikulunga, woyera uja uli m'kati mwa chikhatho. Anaigwira n'kutseka maso, chala n'kuyamba ulendo wake.

Akubwera ndi bedi la matayala. A Dyson ali cha pa mkanda wa 30. Sindiona akamafika kumapeto.

Loweruka, 16 Malichi

Ndulu yachoka. Timabala tinayi, phewa lakumanja likuwawa chifukwa cha mpweya umene amapopera m'mimba. Munali timiyala 19. BP 139/84. Ndadya tositi ndi tiyi. Mawa kunyumba.

Mayi Kaushal atuluka m'mawa. Anandigwira pamutu ndi dzanja la m'kathumba lija. Tiwa watumiza uthenga kwa bambo ake kufunsa za ine, m'malo mondifunsa ndekha. Zandiwawa, koma ndameza.

Dzulo nditatsitsimuka ndinapeza a Dyson ali pampando, chala chitaima pa woyera uja. Anadikira nesi atuluke.

"Amayi a Tiwa, uwu ndikuudziwa."

"Wakusokonezani?"

"Maola atatu munali ku fiyeta, ndikafika pamenepa chiwerengero chimandithawa." Kenako anati, "Mapiritsi aja, GP anati atha kusintha. Ndinkachita manyazi kubwererako. Mudzandiperekeze inuyo."

Inuyo. Ndinayang'ana kudenga kuti misozi ibwerere.

Lero polongedza katundu anafunsa kuti inzake ya woyerayo ili kuti. Ndinaloza mu loka. Anatsekula kachitini ka mano, anayang'anamo, n'kutsekanso bwinobwino. Sanakaike m'chikwama changa. Anakaika m'jekete, thumba lomwe lija la m'kati.